Bambo akukana kulemba wilo, azakhali ayamba kale kuwerenga nyumba

Nachisale wa ku 25: Mwaswera bwanji abale ndi alongo pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yapakhomo, ndithandizeni nzeru. Bambo athu anapuma ntchito m'boma. Ali ndi nyumba ku Area 25 yomwe akukhalamo ndi amayi, ina ya lendi ku Area 36, komanso munda kwawo ku Mitundu. Chaka chatha BP inawagwetsa mpaka anagonekedwa, koma pano ali bwino, akuyenda okha ndipo nzeru zili m'malo. Tikangotchula zolemba wilo amanyamuka pampando, akuti tikuwaitanira imfa. Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti azakhali athu ayamba kale kulankhula kuti nyumba ya ku 36 ndi ya mbumba, ife ana tili ndi kwathu kwa amayi. Komanso ali m'chipatala muja bambo anasayinira bambo aang'ono pepala la power of attorney, lowapatsa mphamvu yochita zinthu m'malo mwawo, kuti azitolera lendi, mpaka lero pepalalo lili kwa iwo. Zitachitika mwadzidzidzi, amayi ndi ife tili pati?

Jnr wa ku Mtandire: Azakhali kuwerenga nyumba mwini wake akudya nsima? Kkkk koma anthu.

Admin: A Jnr, mlongo wathu wapempha nzeru. A Loya, mukaona uthengawu tithandizeni.

Gogo Nankhoma: Mwana wanga Nachisale, usazitenge mopepuka. Ine amuna anga anandisiya lamulo latsopano la chuma cha masiye lisanabwere. Titangomaliza kumeta, abale awo anabwera ndi lole kuno ku Kawale. Anapakira mipando, bedi, wailesi, mpaka makina osokera omwe ndinagula ndekha ndi ndalama za mandasi. Omwe ananyamula makinawo ndi alamu omwe ndinkawaphikira tsiku ndi tsiku akuphunzira sukulu pakhomo pathu. Anthu amasintha bokosi likangotsika m'manda.

Malume a ku Nathenje: Pepani agogo, zimenezo kunali kuba, si mwambo. Koma tisamangonyoza azakhali tisanamve mbali yawo. Kwathu kuno mwamuna ndi mwinimbumba, amayang'anira alongo ake ndi ana awo. Mwina bambo a Nachisale anaphunzitsidwa sukulu ndi amalume awo, mwina ndi fodya wa alongo awo omwewo. Ndiye lero akapeza bwino, chonse chipite kwa mkazi ndi ana basi? Chibale ndi fupa, sichiwola.

Nachisale wa ku 25: Zoona amalume, sukulu anawalipirira ndi amalume awo, samabisa. Nawonso aphunzitsa ana atatu a azakhaliwo, mmodzi akumulipirirabe pano ali Fomu 3.

A Loya: Ndafika, ndinali kukhoti. Ndiyambe ndi funso la a Nachisale, loti bambo atatisiya opanda wilo chingachitike n'chiyani.

Lamulo lomwe tikugwiritsa ntchito pano ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1967. Lamuloli linatseka khomo loti munthu atenge chuma cha masiye ponena kuti mwambo wakwathu umatero. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake. Pambali pawo pali anthu omwe malemuyo ankawasamala mpaka tsiku lomwalira: makolo ake, kapena mwana wosakwana zaka 18 yemwe ankamulipirira sukulu. Ndiye mwana wa azakhali ali Fomu 3 uja, ngati sanakwane zaka 18, lamulo likumuona. Azakhali eni ake ayi. Achimwene ndi alongo a malemu amabwera pokhapokha palibe mkazi, mwana kapena wodalira malemuyo.

Katundu wa m'nyumba, monga uja anapakiridwa mulole kwa agogo, amatsala ndi mkazi kapena mwamuna wamasiye. Wolanda chuma cha masiye wapalamula mlandu, chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 10, ndipo khoti limalamula kuti abweze.

Make Pempho: Ndiye ngati lamulo likuteteza kale chonchi, wilo ndi wachiyani? Si bwino kungowasiya bambowo apume?

A Loya: Funso labwino, ndipo n'chifukwa chake ambiri amagona. Lamulo limanena anthu oyenera kulandira, koma silinena kuti nyumba ya ku 25 ndi ya uyu, ya ku 36 ndi ya uyo. Limangopereka mfundo zoti kugawa kukhale kwachilungamo, monga yoti mwana wamng'ono aganiziridwe kuposa wamkulu yemwe anaphunzira kale. Tsono nyumba ziwiri, mayi mmodzi ndi ana angapo, mugawana bwanji osagulitsa? Silinenanso kuti woyendetsa chumacho akhale ndani. Apa ndi pomwe mabanja amathera zaka akukokana, chifukwa aliyense amafuna makalata oyendetsera chuma atuluke m'dzina lake. Mlandu uli kukhoti, alendi sakudziwa wolipira, nyumba ikudontha, fizi ya ana yaima.

China n'chakuti lamulo silidziyendetsa lokha. Mayi wamasiye ali pachisoni, alamu ake amuzungulira pabwalo, si ambiri amalimba mtima kupita kupolisi. Koma pepala lolembedwa ndi mwini wake likawerengedwa pamaso pa onse, pakamwa pambiri pamatsekeka.

Malume a ku Nathenje: Ndiye mwati alongo ake a munthu alibe kanthu?

A Loya: Popanda wilo, alibe. Ndipo amalume, apa mfundo yanu ija ndi yomwe ikufuna wilo kwambiri. Ngati bambo a Nachisale akuona kuti ali ndi ngongole ya chikondi kwa alongo awo, njira yokhayo yoti alongowo alandire kanthu mwalamulo ndi kuwalemba mu wilo. Akakhala chete, azakhali atuluka chimanjamanja, kapena atenga mokakamiza n'kumangidwa.

Malume a ku Nathenje: Hmm. Nanga munda wa ku Mitundu? Umenewo ndiye musaukhudze. Ndi wa makolo, bambowo anangopatsidwa kuti azilima.

A Loya: Pamenepo sindikutsutsani. Wilo amagawa zomwe zili zako. Munda wa banja womwe munthu anangopatsidwa kuti alimepo sangaulembe ngati wake, nkhani yake imakhudza akubanja ndi mafumu. Zimasiyana ngati anagula yekha, kapena anaulembetsa m'dzina lake pansi pa Customary Land Act ya 2016. A Nachisale mufufuze kuti mundawo unabwera bwanji. Ngati ndi wa mbumba, usiyeni kunja, musayambitse nkhondo pa chinthu chomwe si chanu.

Nachisale wa ku 25: Ndi wa agogo awo aakazi. Ife sitikuufuna n'komwe, sitinalimepo.

Mkulu wa Mpingo: Ndiyankhepo pa zoti wilo amaitana imfa. Mawu amenewa ndawamva kwa akhristu ambiri, ena ndi atsogoleri anzanga. Koma mneneri Yesaya anauza mfumu Hezekiya kuti akonze za pabanja pake, ndipo Hezekiya anakhalanso zaka 15. Yakobo anaitana ana ake onse ali moyo n'kunena za aliyense. Makolo athunso ankachita zomwezi, nkhalamba inkaitana mbumba n'kunena kuti ng'ombe iyi ndi ya uje. Chasintha ndi pepala basi. Achemwali, musapite inu ana kukawauza. Kholo likamva mwana akunena za wilo limamva ngati akuwerenga masiku ake. Tumani mnzawo wa msinkhu wawo, kapena ankhoswe awo, makamaka yemwe analemba kale wake.

Gogo Nankhoma: Eya, akuluwa anena zoona. Ndipo amayi ako asakhale patsogolo pa nkhaniyi. Mawa adzanenedwa kuti anawadyetsa mankhwala kuti asayine.

A Loya: Agogo akhudza chinthu chomwe chimagwetsa mawilo ambiri kukhoti. Wilo amatsutsidwa pa zifukwa ziwiri kawirikawiri: kuti wolembayo mutu sunkagwira, kapena kuti anakakamizidwa. Poti bambo anadwalapo kwambiri, ndi bwino alembe pano ali bwino, ndipo ngati n'kotheka dokotala wawo alembe kakalata kotsimikiza kuti nzeru zawo zili bwino sabata yomweyo. Tsiku lolemba, inu ana ndi amayi mukhale kutali. Asapite ndi inu kwa loya, musawagwirire cholembera.

Jnr wa ku Mtandire: Funso lenileni tsopano, osaseka. Ine ndilibe ndalama ya loya. Ndili ndi njinga yamoto ya kabaza ndi kapoloti ku Mtsiriza. Ndingalembe ndekha?

A Loya: Mungathe. Lamulo silinena kuti wilo alembedwe ndi loya. Mukhale ndi zaka 18 kapena kuposa, mutu ukugwira, wilo akhale wolembedwa, ndipo musayine pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, nazonso zisayine inu mukuona. Wosadziwa kulemba amadinda chala. Chichewa n'chololedwa, palibe chifukwa chovutikira Chingerezi chomwe simukuchimva. Mboni musankhe anthu omwe sakulandira kalikonse mu wilomo, komanso osati akazi kapena amuna a olandirawo. Aneba, mnzanu wa kuntchito, mkulu wa mpingo, amenewo ndi abwino. Mbonizo sizifunika kuwerenga zomwe mwalemba, zimangoona kuti mwasayina ndinu.

Muikepo deti. Katundu mumutchule momveka, nambala ya njinga, malo pomwe pali poloti ndi yemwe munagulako. Anthu muwatchule mayina onse, osangoti mwana wanga wamkulu. Mutchulenso munthu yemwe adzayendetse zonsezi, ndipo mumufunse kaye ngati akuvomera.

Koma kwa bambo a Nachisale, omwe ali ndi nyumba ziwiri komanso abale omwe ayamba kale kulankhula, ine ndingati apite kwa loya. Wosowa ndalama akhoza kufunsa ku Legal Aid Bureau.

Jnr wa ku Mtandire: Nanga voice note ya pa WhatsApp? Kapena vidiyo?

A Loya: Imeneyo si wilo. Khoti likhoza kumva zomwe malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika pogawa chuma cha munthu wopanda wilo, koma ndi chinthu chimodzi mwa zambiri zomwe limaganizira. Musadalire foni.

Make Pempho: Wilo akalembedwa amasungidwa kuti? Chifukwa ndinamva za wina yemwe anausunga musutikesi, abale atautulukira anauponya pamoto wa pamaliro.

A Loya: Zimachitika. Mukhoza kukausungitsa ku High Court, kwa loya kapena kubanki. Chachikulu n'chakuti munthu mmodzi kapena awiri odalirika adziwe komwe uli, ngakhale asadziwe zomwe zalembedwamo. Wilo yemwe palibe akudziwa kuti alipo sathandiza aliyense.

Wa ku Joni: Moni nonse kuchokera ku Johannesburg. Ine ndikufuna tibwerere pa pepala lija lili kwa bambo aang'ono, chifukwa limenelo ndi lomwe linandipweteka. Ndinasayinira mbale wanga kuti andigulire poloti ku Area 49 ndi kuyang'anira zomanga. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, zithunzi zikubwera, nyumba ikukwera. Nditabwera pa Khirisimasi ndinapeza mapepala onse ali m'dzina lake. Akuti zinali zosavuta choncho poti ine ndinali kutali. Mpaka lero tikukambirana.

Nachisale wa ku 25: Mayo ine. Ndiye bambo aang'ono akhoza kugulitsa nyumba ya ku 36?

A Loya: Zitengera zomwe zinalembedwa papepalapo, ndiye choyamba pezani kope muliwerenge. Ngati linangonena zotolera lendi, mphamvu yawo ithera pomwepo. Ngati linalembedwa mwachisawawa kuti achite chilichonse chokhudza katundu wa bambo, pamenepo pali chiopsezo. Pa malo olembetsedwa pansi pa Registered Land Act, power of attorney imayenera kulembetsedwa ku Lands, ku ofesi ya boma yoona za malo, isanagwire ntchito yosintha umwini, choncho mukhoza kukafufuza kumeneko ngati inalembetsedwa.

Poti bambo achira, akhoza kuithetsa lero lomwe. Alembe kalata yothetsa, apereke kwa bambo aang'ono, adziwitse alendi kuti ndalama zizipita kuti, ndipo ngati inalembetsedwa ku Lands akadziwitsenso kumeneko.

Chinthu china chomwe anthu ambiri sadziwa: pepala limeneli limafa limodzi ndi mwini wake. Bambo akangotsikira kulichete, mphamvu ya bambo aang'ono yatha ola lomwelo. Akapitiriza kutolera lendi ponena kuti ali ndi pepala, akudya chuma cha masiye. Ndiponso wopereka mphamvuyo akasokonezeka mutu, pepala wamba lotere silipitiriza kugwira ntchito. Ndiye si chinthu cholowa m'malo mwa wilo.

Wa ku Joni: Kwa anzanga muli kunja kuno, ku Cape Town, ku UK, kulikonse: lembani ntchito imodzi yokha papepalapo, nambala ya poloti, ndi tsiku lomwe mphamvuyo idzathe. Musayinire pamaso pa notary, munthu wololedwa ndi lamulo kuchitira umboni mapepala. Ndipo risiti iliyonse izituluka m'dzina lanu, osati la wotumidwa.

Malume a ku Nathenje: Koma kuwalanda pepala bambo aang'ono mwadzidzidzi kudzaoneka ngati mukuwatcha wakuba. Munthu anathandiza pa nthawi ya matenda. Apite mkulu wawo yekha akathokoze, anene kuti ndachira, ndiziyendera ndekha. Ana musalowererepo.

Nachisale wa ku 25: Zimenezo ndamva amalume, ndipo n'zotheka chifukwa bambo eni ake akhala akudandaula kuti lendi ikufika yoperewera. Ndiyambira pamenepo. Za wilo ndikalankhula ndi ankhoswe awo, ndi mnzawo wa kalekale. Zikomo nonse, ndikupita kukaphika.

Wabanki: Ndisanachedwe, ndiwonjezere za kubanki poti ndi komwe ndimagwira. Banki ikangodziwa kuti kasitomala wamwalira, akaunti imatsekedwa. Zilibe kanthu kuti mkazi akudziwa PIN kapena mwana ali ndi khadi. Ena amathamangira pa ATM usiku wa maliro kukatapa, kenako abale ena akapempha sitetimenti zimaoneka kuti ndalama zinatuluka munthu ali kumotchale. Mlandu umayambira pamenepo. Kuti ndalama zituluke timafuna setifiketi ya imfa yochokera ku NRB ndi makalata a kukhoti, probate ngati panali wilo, letters of administration ngati panalibe. Zimenezi sizituluka sabata imodzi. Ndiye banja likhale ndi kena kake komwe mayi angathe kufikira m'dzina lake, apo ayi ana agona ndi njala ndalama zili m'banki.

Gogo Nankhoma: Ndi Airtel Money ndi Mpamba zomwe. Anthu akusunga ndalama zambiri m'mafoni masiku ano, mkazi osadziwa.

Wabanki: Zoona agogo. Ine ndimalangiza kuti pambali pa wilo munthu akhale ndi pepala lina longolemba zomwe ali nazo ndi komwe zili: maakaunti, SACCO, inshulansi, masheya, ngongole zomwe ali nazo ndi omwe ali naye ngongole. Manambala achinsinsi asalembepo. Ngongole ndi zofunika kuzitchula chifukwa zimabwezedwa kaye anthu asanagawane. Ena amavina kuti alandira nyumba, osadziwa kuti inaikidwa chikole.

Make Pempho: Ine ndili ku HR, ndiye ndinene za penshoni, chifukwa pamenepa ndimaona misozi chaka chilichonse. Bwana amaika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndipo pamwamba pake pali inshulansi ya moyo yomwe bwana amayenera kukudulirani, yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Ndalama zimenezi kawirikawiri zimatsata fomu yomwe munalemba kuntchito yotchula odzalandira. Vuto ndi loti anthu analemba fomuyo tsiku loyamba ntchito ali mbeta kapena mnyamata, anatchula amayi awo ndi mng'ono wawo. Padutsa zaka 15, ali ndi mkazi ndi ana anayi, fomu ikadali yomweyo. Timatumiza uthenga kuti bwerani mudzasinthe, obwera amakhala anthu awiri okha. Mawa lomwe pitani ku HR mukaone zomwe munalemba.

Jnr wa ku Mtandire: Ena akuopa kuti a HR adzaona mayina a ana omwe madamu sakuwadziwa kkkk.

Make Pempho: Mukuseka koma ndi zoona. Ndipo amadzatulukira pamaliro, atavala yunifolomu ya sukulu.

Nangozo wa ku Chinsapo: Pamenepo ndiye pandikhudza. Ine ndavutika ndi amuna anga kuyambira tili m'nyumba ya chipinda chimodzi. Njerwa ndinkaumba nawo, madzi ndinkatunga ndine. Ndiye mwana wa mkazi wina, yemwe sindinamuonepo, adzabwere kudzagawana ndi ana anga mofanana? Chilungamo chake chili pati?

A Loya: Ndikumva kuwawa kwake, mayi. Koma lamulo silisankha. Gawo 23 la Malamulo oyendetsera dziko limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo lamulo la chuma cha masiye limatsata zomwezo. Ngakhale bambo atamusiya dala mu wilo, khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti mwana kapena mkazi yemwe sanapatsidwe zokwanira apatsidwe kanthu.

Chomwe mungachite inu ndi kuteteza gawo lanu. Chuma cha masiye ndi chomwe chinali cha malemu, osati chanu. Ngati nyumba munamanga limodzi, dzina lanu likhalepo pamapepala. Pa malo olembetsedwa pali njira ziwiri zolembera anthu awiri. Mukalembetsa ngati joint proprietors, mmodzi akamwalira malo onse amatsala kwa wotsalayo, salowa n'komwe m'chuma chogawidwa. Mukalembetsa ngati proprietors in common, aliyense ali ndi gawo lake, ndipo la womwalirayo ndi lomwe limagawidwa. Funsani kuti mapepala anu akuti chiyani.

Nangozo wa ku Chinsapo: Mapepala ake ati? Tinagula kwa amfumu, tili ndi kakalata kodinda basi, m'dzina la abambo.

A Loya: Ndi mmene zilili m'madera ambiri a mzinda uno. Poyamba pitani nonse awiri kwa amfumuwo ndi mboni, kalatayo ilembedwenso mayina awiri. Sungani malisiti a simenti ndi malata omwe munagula inu. Kenako yambani kufufuza zolembetsa malowo, kaya kukhonsolo kaya ku Lands malinga ndi komwe malowo ali. Zimatenga nthawi ndi ndalama, koma kakalata ka amfumu kokha n'kosavuta kukatsutsa.

Gogo Nankhoma: Ndipo funsani za ukwati womwe. Atsikana ambiri mu Lilongwe muno angolowana, palibe chinkhoswe, palibe tchalitchi. Mwamuna akamwalira abale amati sitikukudziwa.

A Loya: Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015 imazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chinkhoswe, komanso wongokhalira limodzi. Koma womalizawu ndi khoti lomwe limayenera kuuvomereza, ndipo limayang'ana ngati mwakhala limodzi zaka zosachepera 5, pamodzi ndi zinthu zina monga ana ndi mmene anthu ankakuonerani. Tsono taganizani, uli pachisoni, uyambe kaye kutsimikizira khoti kuti unali mkazi wake. Ankhoswe awiri akanathetsa zonsezo.

Kwa omwe analemba kale wilo: mukakwatira kapena kukwatiwa pambuyo pake, kapena banja likatha, lembaninso wina. Ukwati watsopano ukhoza kupha wilo wakale.

Bambo a Yankho: Ndakhala ndikungowerenga. Ine nkhawa yanga ndi ina. Mayi a ana anga anatisiya, ana ndi aang'ono, wamkulu ali Sitandade 6. Ndikalemba kuti nyumba ndi ya ana, adzaiyang'anira ndani? Ndamva za trust koma ndimaona ngati ndi za anthu a ku Area 43 ndi Area 10.

A Loya: Inu ndi amene mukuifuna kuposa a ku 43. Mu wilo momwemo mukhoza kulemba kuti nyumba idzasungidwe ndi anthu awiri omwe mwawasankha, m'malo mwa ana, lendi izilipira fizi, chakudya ndi chipatala, ndipo isagulitsidwe mpaka mwana womaliza atakwanitsa zaka zomwe inu mwatchula, kaya 21 kaya 25. Imeneyo ndi trust kale, sipafunika ofesi kapena chikwangwani. Osunga chumawo si eni ake, lamulo limawakakamiza kugwiritsa ntchito chumacho pa ana okha, ndipo akhoza kusumiridwa akadya.

Ine ndimakonda kuti akhale awiri ochokera mbali zosiyana, wina wa kwa bambo wina wa kwa mayi, ndalama zizilowa mu akaunti yosayina onse awiri, ndipo kamodzi pachaka azionetsa mabanja onse mmene zayendera. Mutchulenso yemwe adzalere anawo. Wolera ana ndi wosunga ndalama asakhale munthu mmodzi ngati mungathe, chifukwa ena amalimbirana ana amasiye chifukwa cha lendi.

Pali trust ina yomwe munthu amakhazikitsa ali moyo, n'kusamutsira katundu m'manja mwa osunga. Ena amailembetsa pansi pa Trustees Incorporation Act, lamulo lomwe mipingo ndi mabungwe amagwiritsanso ntchito. Imeneyo imadya ndalama zambiri, ndipo dziwani kuti nyumba mukaisamutsira kumeneko si yanunso, simungadzuke m'mawa n'kuigulitsa. Kwa munthu wa nyumba imodzi, ya mu wilo ija ndi yokwanira.

Bambo a Yankho: Nanga ndikasowa munthu womukhulupirira? Kunena zoona abale anga ndimawadziwa.

A Loya: Sizikakamiza kuti akhale m'bale. Akhoza kukhala mnzanu, loya, kapena kampani yomwe imagwira ntchito yosunga chuma cha ena, kungoti amenewa amalipiritsa. Palinso ofesi ya Administrator General pansi pa Unduna wa Zachilungamo, yomwe ntchito yake ndi kuyendetsa chuma cha masiye. Milandu ya mtunduwu ku High Court imapita ku nthambi ya Family and Probate.

Malume a ku Nathenje: Ine pa ana amasiye ndilibe mawu. Koma ndikuonabe kuti mukuika zonse m'manja mwa makhoti ndi mapepala. Kale mwana wamasiye sankasowa kolowera chifukwa mbumba inalipo. Mukawauza amalume kuti lamulo silikukudziwani, mawa mwana akadwala kapena akafuna ankhoswe mudzapita kwa loya?

Nangozo wa ku Chinsapo: Kale amalume ankatenga ana ndi katundu yemwe. Lero akutenga katundu, ana akusiya.

Malume a ku Nathenje: Si onse, mayi. Ine ndikulera atatu a mlongo wanga, sindinatengepo ngakhale supuni.

Nangozo wa ku Chinsapo: Inu ndiye Mulungu akudalitseni, koma ndinu ochepa.

Mkulu wa Mpingo: Nonse mukunena zoona. N'chifukwa chake ine ndimati munthu akalemba, aitane akuluakulu a mbali zonse ziwiri awauze yekha mfundo zikuluzikulu, asadzazimve koyamba kwa loya. Amalume akamva kuchokera pakamwa pa mwini wake amakhala mboni, osati mdani.

A Loya: Zimathandiza m'mabanja ena, m'mabanja ena zimayatsa moto munthu akadali moyo. Aliyense amadziwa abale ake. Lamulo silikakamiza kuulula.

Make Pempho: Funso lomaliza kwa ine, la banki mkhonde. Gulu lathu la ku Area 23 tinataya membala mwezi wa June, anali ndi masheya ambiri komanso ngongole. Mwamuna wake akufuna masheya, achemwali ake akuti malemu anawauza kuti ndi za ana. Ndalama tazigwira kaye. Tipereke kwa ndani?

A Loya: Malamulo a gulu lanu akuti chiyani pa imfa ya membala?

Make Pempho: Sitinalembepo chilichonse. Tinangolemba za chindapusa cha kuchedwa ndi chiwongoladzanja.

A Loya: Ndiye ndalamazo ndi chuma cha masiye ngati china chilichonse. Chotsanipo ngongole yake kaye, zotsalazo ndi za mwamuna ndi ana, achemwali alibe gawo. Koma musapereke m'manja mwa munthu mmodzi pakona. Ngati pali yemwe ali ndi makalata oyendetsera chuma, perekani kwa iyeyo asayinire. Ngati palibe, itanani mwamunayo ndi ankhoswe a mbali zonse, mulembe zomwe mwagwirizana, aliyense asayine, kope ina itsale m'buku la gulu. Akakanika kugwirizana, atumizeni kwa DC kapena kukhoti la majisitireti, inu musakhale oweruza.

Make Pempho: Chabwino. Tikumana Lamlungu masana, ndikawauza. Ndikapemphanso kuti tiwonjezere tsamba m'buku loti aliyense alembe womulandirira, tisanagawane mu December.